Milatho ya M'tsitsi la Mnzanga

Boma litanditumiza ku Mzuzu kukaphunzitsa sayansi ku sekondale, nyumba za aphunzitsi ndinazipeza zodzaza, ndiye ndinakapezeka ku Salisbury Lines, kumunsi kuja kumene madzi a mvula ya tauni yonse amakakumana. Ndinali mwana wa ku Ntcheu wosadziwa ngakhale kuyankha moni wa Chitumbuka. M'nyumbamo ndinkakhala ndi mtsikana wa ku Nkhata Bay, wamng'ono kwa ine ndi zaka ziwiri, amene ankatayipa makalata ku ofesi ina ya boma. Ndiye anandiphunzitsa kuti munthu akati monire umayankha kuti yewo, anandiphunzitsa kumeza kondowole osatsamwa, ndiponso kuyanika zovala m'nyumba, pakuti dzuwa la ku Mzuzu limabwera ngati mlendo wofulumira. Ndinkamukonda. Ndayamba ndi zimenezi kuti zimene zikubwerazi musaziyese za munthu wodana ndi mnzake.

Koma mtsikanayo anali ndi tsitsi. Masiku amenewo buluku kwa munthu wamkazi unali mlandu, siketi inayenera kuphimba mawondo, ndipo pa geti la msika achinyamata a chipani akamafunsa khadi, maso awo ankayezanso mpendero wa diresi. Tonse tinkaoneka ngati watisokera telala mmodzi. Mkazi wofuna kuoneka ankaonekera kumutu, ndiye kumutuko n'kumene ine ndinamanidwa. Langa linali lalifupi, louma, lokakamira ku chikopa. Mnzangayo akamasula ulusi umene ankalukira, lake linkadzaza manja awiri n'kutsalako. Amayi a pa mpope ankamuimitsa kufunsa chimene amadzola. Iye ankangoseka nati, "Palibe, amama, ndi la agogo anga, yewo chomene." Ine ndinkakhala ndikuyang'ana ndowa yanga ngati muli nkhani.

Ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yanga inali sayansi, ndipo mwa maphunziro onse ndinkanyadira la mapuloteni, chifukwa chophunzitsira ndinadzipangira ndekha. Ndinatunga zitsekerero za mabotolo pa waya wautali, zofiira, zobiriwira, zachikasu, n'kuuza ana a Fomu 4 kuti puloteni ndi mkanda wotere, wa tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Koma mkanda wowongoka sugwira ntchito iliyonse m'thupi. Uyenera kupindika, ndipo umapindika chifukwa tizidutswato timakokana ndi kukanana. Tina sitifuna madzi, ndiye timathawira m'kati n'kuunjikana kumeneko. Tina tili ndi mphamvu ya magetsi yosiyana, tikayandikana timamatana. Malo ambiri mkandawo umagwirana mofooka kudzera mwa haidirojeni, ndipo pamenepo ndinkamanga ndi ulusi wosokera, woti n'kudula ndi chala. Koma pali kachidutswa kena kokhala ndi sulufule. Kakapezana ndi kanzake, sulufule ndi sulufule zimalumikizana kolimba n'kupanga mlatho. Pamenepo ndinkapota waya wa kopa ndi pulayala.

"Ulusi ndi wambiri koma ngwofooka," ndinkawauza. "Madzi amaumasula, moto umaumasula, ndipo pakauma kapena pakazizira umamangananso. Milatho ndi yowerengeka, koma ndiyo yasunga mpangidwe weniweni. Mukaidula, musadikire kuti ibwerera."

Ndikatero ndinkagwira mutu wanga. Tsitsi ndi puloteni, dzina lake keratini, ndipo ladzaza milatho ya sulufule, n'chifukwa chake likapsa limanunkha choncho. Loweruka lililonse ndinkaika chipeso chachitsulo pa mbaula n'kuwongola langa mpaka makutu kupsa, ndikudziwa bwinobwino kuti ndikungomasula ulusi, milatho sindikuikhudza. Lolemba m'mawa nkhungu ya ku dambo inkamanganso ulusi wonse ndisanafike pa msewu wa tala. Ana anga ankadziwa mmene kunja kwachera poyang'ana mutu wa aphunzitsi, ndipo ankaganiza kuti sindiwamva akamatsinana.

Tsono kunali mwamuna. Anali kalaliki ku ofesi ya za nkhalango, ankakhala ku Msongwe, ndipo ku kwaya ya tchalitchi chathu ankayimba besi. Kwa miyezi itatu, Lachitatu lililonse tikamaliza kuyeserera nyimbo, ankandiperekeza akukankha njinga yake mpaka pa mphambano. Sanalankhule mawu ondifunsira, inenso sindinamufulumize. Ndinkayesa kuti nkhani yakhwima yokha, yangotsala kuthyola. Tsiku lina mvula inatipeza pa njira, ndiye ndinati tikamwe tiyi kunyumba mvulayo ikate. Tinafika tsitsi langa la Loweruka litabwerera kwawo. Amene anatitsegulira chitseko anali mnzanga uja, atangomasula kumene malukidwe ake, chipeso chili chiimire m'mutu. Mwamunayo anamulonjera mu Chitumbuka, mtsikanayo anayankha, posakhalitsa anapeza kuti amayi a mwamunayo kwawo n'kufupi ndi kwa mnzangayo. Ine ndinakaphika tiyi. Ndinaphikanso wachiwiri.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo kunena chilungamo, mtsikanayo sanandibere. Patapita masabata awiri anandifunsa tikusenda mbatata.

"Asisi, mundiuze zoona. Pali kanthu pakati pa inu ndi abambo aja? Ngati kalipo, ine yayi, ndisiya."

"Ameneuja? Wa kwaya chabe," ndinatero, ndikusekanso.

Matama ndi amene anayankha, ine ndinangobwereketsa pakamwa. Chaka chisanathe ukwati unalengezedwa m'tchalitchi, ndipo mkwatibwi anasankha ine kukhala woperekeza wamkulu, woima pambuyo pake. Ndinavomera ndi nthungululu. Ndinapita naye kwa telala, ndinasankha naye nsalu, ndinaphunzitsa kwaya nyimbo yolowera. Ndipo nsanje inkandidya. Ndinkachita nsanje ndi kuseka kwake, ndi nthochi zimene mwamunayo ankabweretsa pa njinga, ndi mmene ankatchulira mawu oti "kwathu ku Msongwe" asanagonekonso n'kamodzi komwe. Akamapesa tsitsi pa khonde ndinkalowa m'nyumba kukakonza mabuku okonzeka kale.

Ukwati unali wa Loweruka, pa tchuthi cha sukulu, nyengo imene ku Mzuzu mvula yamawawa imatha kuchezera sabata yathunthu. Mnzangayo anati chipeso cha moto sachifuna, chifukwa sangakafike pa khomo la tchalitchi ngati dona n'kutulukamo ngati wochokera kumunda. Mchimwene wake amene ankagwira ntchito ku Joni anamutumizira bokosi la mankhwala owongolera tsitsi, la chithunzi cha mayi wa tsitsi logwera m'mapewa. Nthawi imeneyo mankhwalawo anali achilendo, owadziwa anali ochepa, ndipo ambiri mwa owadziwawo ankangomva kwa anzawo. Anandipatsa kapepala ka m'bokosimo.

"Inu ndinu a sayansi, asisi. Mutu wanga sindipatsa munthu wina."

Ndinawerenga kapepalako kawiri. Chimene chinali m'mankhwalawo ndinkachidziwa, ndi soda yemwe uja wopangira sopo, amene ku labu ndinkamutsekera mu kabati ndi loko. Ameneyo sataya nthawi ndi ulusi, amapita pa milatho. Amadulako ina, tsitsi limafewa, umaligoneka mowongoka, ndiye umachapa msangamsanga kuti milatho yotsalayo iligwire pa mpangidwe watsopanowo, woti mvula singausinthe. Koma soda sadziwa kuwerenga. Ukamusiya amangodulabe mpaka palibe chogwira. Kapepalako kanati mphindi khumi ndi zisanu, zikachulukitsa makumi awiri, ndipo kanalemba zimenezo ndi zilembo zazikulu.

Tinachita Lachinayi m'mawa, pa khonde lakuseri. Ndinatenthetsa madzi pa mbaula, ndinaika beseni pafupi, ndinavala timapepala ta pulasitiki ta shuga m'manja. Ndinamudzoza mafuta m'makutu, pa mphumi ndi m'khosi kuti mankhwala asamuotche. Zonsezi ndinachita mosamala, ndipo ndilumbira kuti pokhala pansi ndinalibe chiwembu. Ndinagawa tsitsilo panayi. Kanali koyamba kuligwira lonse m'manja mwanga, lolemera, lamoyo. Ndinapaka mbali yoyamba, ndinayang'ana wotchi ya pa mkono wanga, n'kupitiriza.

Mnzangayo ankalankhula, monga amachitira akwatibwi. Za makeke, za amalume amene akana kukwera basi, za nsapato zothina. Kenaka anaseka yekha.

"Mukudziwa zimene anandiuza dzulo abambo aja? Akuti masiku aja ankakuperekezani, njira yonse inu mumangowafotokozera chifukwa chimene dzira lowiritsa silibwerera kukhala laliwisi. Akuti amafika pa mphambano mutu uli waa, ngati alemba mayeso. Akuti asisi ako ndi anzeru chomene, koma aaa!"

Anaseka mpaka mapewa kugwedera. Sanali kundinyoza, ankayesa kuti tiseka tonse, ndipo ndinasekadi. Koma nkhani ya dzira ija ndinali nditamuuza mwamunayo tsiku limene ndinkaona ngati labwino koposa onse, iye akundiyang'ana, ine ndikuyesa kuti akumva kukoma. Ndiye apa ndinamva kuti anakaisandutsa nthabwala yosekera ndi mkazi wake. Mtima unandiwawa zoti sindinamvepo. Ndinapitiriza kusalaza tsitsi ndi nsana wa chipeso, ndipo linkagona bwino zedi.

Mphindi khumi ndi zisanu zinakwana. Ndinaziona.

"Asisi, zayamba kuluma," anatero. "Koma atsikana a ku ofesi akuti zikamaluma ndiye kuti zikugwira. Akuti ukachapa msanga limabwerera, umangovutika pachabe. Ndi zoona eti?"

Anapotoloza khosi kuti andione. Funso lake linali losavuta, mwana aliyense wa mu kalasi langa akanaliyankha.

"Anthu amatero," ndinayankha.

Makumi awiri zinakwana. Anasiya kulankhula, anagwira m'mphepete mwa kampando ndi manja onse awiri. Ine ndinali nditaima pambuyo pake, maso pa wotchi, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona waya wa kopa uja ukuduka umodziumodzi. Sindinkafuna kuti likhale lonse pansi, ayi. Ndinkadziuza kuti lingochepako mphamvu, lingofwifwako, kuti Loweruka anthu akati mkwatibwi wakongola asachite kugwira pakamwa. Ndinkadziuza kuti mphindi ziwiri zokha. Zitatha ziwirizo ndinkapezanso zina ziwiri.

"Nthawi yakwana, asisi?"

"Yatsala pang'ono."

"Zikuwawa chomene."

"Kumbuyoku sikunagone bwino."

Anapirira, chifukwa tonse tinakula tikuuzidwa kuti kukongola n'kupirira. Misozi inkatsika yokha, iye akupukuta ndi nsonga ya chitenje, osadandaula. Fungo linasintha, linayamba kukhala la tsitsi lopsa, pomwe panalibe moto. Fungolo ndi limene linandidzutsa. Wotchi inali itapitirira theka la ola. Ndinamukoka n'kumuweramitsa pa beseni, n'kuyamba kuthira madzi ngati wozimitsa nyumba.

Poyamba zinaoneka ngati zatheka. Tsitsi linatsika lowongoka, lakuda bii, mpaka m'mapewa, ndipo iye ataona nsonga zake zikulendewera patsogolo pa maso ake anaseka uku akulira. Ndinalowetsa zala kuti nditsukuluze. Potulutsa dzanja, tsitsi linabwera nalo. Silinaduke ngati mmene tsitsi limadukira, linangochoka, lofewa, lonanda ngati therere. Ndinathiranso madzi, linachokanso lina. Pa liwombo ndi kunkhongo panatsala chikopa chofiira, pena pakutuluka madzi. M'beseni munada.

Mnzangayo anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. Kenaka anatola chingwe chimodzi cha tsitsi, nachikoka pang'ono. Chinatamuka n'kuduka osalira.

"Tiliumitse, asisi. Mwina lotsalali likauma lilimba."

"Sililimba," ndinatero. Pa tsiku lonselo, amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba oona.

Masana ake, basi ya ku Nkhata Bay inabweretsa azakhali ake, amene iye ankawatchula ankhazi, mayi wamtali wa mawu aakulu, atasenza dengu la ufa wa chinangwa ndi nsomba zouma za pa ukwati. Anapeza mwana wawo atafunda duku masanasana m'nyumba. Dukulo analichotsa okha. Dengu linali lisanafike n'pansi pomwe pamene anayamba kulira, ndipo polira anatembenukira kwa ine.

"Ndimwe mwachita ichi? Imwe asambizgi, aphunzitsi athunthu? Mwana uyu akutiuza m'makalata kuti akukhala ndi munthu wa sukulu, wodziwa mankhwala. Sukulu yake ndi imeneyi? Maso anu anali kuti? Panalibe pepala m'bokosimo?"

Kapepalako kanali pa tebulo, zilembo zake zazikulu zikuyang'ana kudenga.

"Ankhazi, musawanene asisi," anatero mnzangayo, mawu ali phee. "Anandiuza katatu kuti nthawi yakwana, tichape. Ndinakana ndine. Ndimafuna liwongoke chomene."

Azakhaliwo anamuyang'ana, anayang'ananso ine. Kenaka mkwiyo wonse unasamukira kwa mwana wawo. Anamuuza kuti walira mvula walira matope, kuti tsitsi la agogo ake linalakwa chiyani kuti alisinthanitse ndi chithunzi cha pa bokosi, kuti mwana wosamva ndi wosamva ngakhale atayipe makalata a boma. Kwa ine anapepesa, mpaka kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati ndiwakhululukire, ndi ukalamba. Atatopa anatuluka kukalonjera eni nyumba imene tinkachita lendiyo.

Tinatsala awiri. Mnzangayo analowa kuchipinda, anatuluka ndi sizasi, nakakhala pa kampando komwe kaja pa khonde. Anandipatsa sizasiyo osandiyang'ana.

"Malizani."

Ndinayamba kudula zotsalazo, pang'onopang'ono, kulambalala zilonda. Tsitsi linkagwera pa chitenje chake, iye osalisasa. Nditafika kunkhongo ndinalephera kupirira.

"Bwanji wawanamiza ankhazi?"

Anayankha osapotoloza khosi.

"Wotchi munali nayo ndinu, asisi. Ndimakuonani m'galasi la zenera mukuiyang'ana." Anaweramitsa mutu kuti ndimalize kunkhongo. "Ndikanati ndinene zoona, ankhazi akanafunsa chifukwa chake. Ndiye chifukwacho ndikuchidziwa, ndipo sindikufuna kuti chilowe nane m'tchalitchi. Ndinakufunsani tsiku lija tikusenda mbatata. Mukanangonena."

Ndinati pepa. Mawuwo anatuluka aang'ono, ouma, osakwanira ngakhale pa chilonda chimodzi. Ndinati ngati akufuna apeze woperekeza wina, ine ndidzanamizira malungo.

"Diresi anasokera thupi lanu," anatero. "Mudzaima pomwe tinagwirizana."

Lachisanu azakhali anayenda tauni yonse kufuna wigi, koma imene anaipeza mnzangayo sakanatha kuivala, inkakhuza zilonda. Ndiye Loweruka m'mawa ndinamumanga kansalu koyera kofewa kumutu, ndipo velo ndinalibaya ndi mapini pa kansaluko, popeza panalibe pena pobaya. Anakhala phee ngati mwana womvera, anati yewo nditamaliza. Mwamuna wake atamuona pa khomo la tchalitchi nkhope yake inawala chimodzimodzi ngati tsitsi lilipo, ndipo ndivomere kuti ngakhale pamenepo nsanje inandilumabe.

Mwambo unatalika, monga umatalikira ukwati wa anthu a kunyanja, nyimbo pamwamba pa nyimbo, ulaliki wa zinenero ziwiri. Anthu onse ankaona mkwatibwi kuchokera kutali, woyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo amayi ankaimba nthungululu. Malo anga anali phazi limodzi pambuyo pake. Kuchokera pamenepo, ndipo kuchokera pamenepo pokha, munthu ankatha kuona kunkhongo kwake, pamene kansalu kanalekezera. Chilonda chinali chitayamba kutulutsa madzi, ndipo kadontho kachikasu kankakula pang'onopang'ono pa nsalu yoyerayo. Ntchito ya woperekeza ndi kukonza velo la mkwatibwi likasuntha. Ndinalikokera pansi kanayi kuti anthu asaone, ndipo nthawi zonse zinayi, zala zanga zikamufika pakhosi, ankakhwimitsa mapewa.